Kukhala m'boti la matanga m'chifunga cha ku Shetland ndi Faroe

Kumpoto kwa Scotland kuli zilumba zomwe oyenda pa maboti a matanga amazilakalaka kwambiri. Mukachoka ku Orkney mumapeza Fair Isle, kachilumba kokhala kokhakokha pakati pa nyanja, kenako Shetland, ndipo mukalimba mtima n'kulowera kumpoto chakumadzulo mumakafika ku Faroe, zilumba 18 za maphompho ataliatali. Nyengo yoyendera kumeneko ndi yaifupi, kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka mu Ogasiti. Chakumapeto kwa Juni, ku Lerwick, tauni yaikulu ya Shetland, dzuwa limakhala likuwala pafupifupi maola 19, ndipo usiku sikuda kwenikweni. Koma miyezi yomweyi ndiyonso ya chifunga, ndipo chifungacho ndi chimene chimalamula nthawi yodzuka, zovala, chakudya, ndiponso ngati munyamuka kapena muswera padoko.

Boti lomwe tikukamba pano ndi la mamita 10 mpaka 12, la mlongoti umodzi, lokhala ndi injini ya dizilo yothandizira mphepo ikasowa, ndipo mumakhala anthu awiri kapena atatu. Limayenda ma knot 5 kapena 6. Knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola, choncho liwiro lonse la botili ndi makilomita 9 mpaka 11 pa ola. Nambalayi muisunge, chifukwa kumeneko kuli malo omwe madzi okha amathamanga kuposa pamenepo.

Chifunga chomwe ambirife tinachizolowera ndi cha m'madambo m'mawa wa nyengo yozizira. Nthaka imazizira usiku, chifunga chimagona pansi, dzuwa likakwera chimabalalika. Cha panyanja sichitero. Chimabadwa mpweya wofunda, wodzaza chinyezi, ukadutsa pamwamba pa madzi ozizira. M'chilimwe cha kumeneko nyanja ya ku Shetland imakhala pa madigiri 11 mpaka 13, ya ku Faroe yozizirako pang'ono. Mphepo ikachokera kummwera kapena kummwera chakummawa, imabweretsa mpweya wofunda womwe umazizira ukakhudza madzi, chinyezi chake n'kusanduka timadontho. Anthu a ku Scotland amachitcha haar. Dzuwa silichichotsa chifukwa silingatenthetse nyanja m'maola ochepa, ndipo mphepo yapakatikati siichichotsanso, imangobweretsa china. Chimatha mphepo ikatembenuka n'kuchokera kumadzulo kapena kumpoto ndi mpweya wouma. Nthawi zina chimakhala maola ochepa, nthawi zina masiku atatu.

Pali njira yochidziwira chisanafike. Makina oyeza kuya kwa madzi ambiri amaonetsanso kutentha kwa nyanja. Kumbali ina, a zanyengo amapereka nambala yotchedwa dew point, yomwe ndi kuzizira kumene mpweya ukafika umayamba kugwetsa mame. Lembani nambala ziwirizi ola lililonse. Zikamayandikana, mpaka kusiyana ndi digiri imodzi kapena awiri, chifunga chili pafupi. Zizindikiro zina n'zooneka ndi maso: mawaya a m'mbali mwa boti amayamba kudontha ngakhale kulibe mvula, ndipo mzere wolekanitsa nyanja ndi thambo umazimiririka. Chinanso chothandiza kwambiri ku Shetland n'chakuti mpweya ukadutsa pamtunda wotenthedwa ndi dzuwa umauma. Mphepo ikakhala ya kummawa, Lerwick amatha kukutidwa pomwe Scalloway, yemwe ali mbali ya kumadzulo makilomita ochepa chabe, kuli ngwee. Wodziwa amasankha mbali ya chilumba poyang'ana komwe mphepo ikuchokera.

Tsiku limayamba ndi wailesi ndi ketulo. Ofesi ya zanyengo ya ku Britain, Met Office, imagawa nyanja m'zigawo, ndipo zomwe zimakukhudzani kuno ndi Fair Isle, Faeroes ndi Viking. Uthengawu umamveka pa BBC Radio 4, komanso alonda a m'mphepete mwa nyanja amaulutsa za nyengo pa wailesi ya panyanja ya VHF maola atatu alionse atalengeza kaye pa tchanelo 16. Mawu awo ali ndi tanthauzo lenileni. Akati kuoneka kwa zinthu ndi "good", ndiye kuti mungaone kupitirira mamayilo 5 a panyanja (mayilo imodzi ya panyanja ndi makilomita 1.852). "Moderate" ndi mamayilo 2 mpaka 5, "poor" ndi kuchokera mamita 1,000 mpaka mamayilo 2, ndipo "very poor" ndi pansi pa mamita 1,000, chomwe ndi chifunga chenichenicho. Mukamva zimenezi mumatsegula buku la kukwera ndi kuphwa kwa madzi, chifukwa nthawi yonyamuka siisankhidwa ndi tulo tanu. Madzi akamatembenuka 4 koloko m'mawa, mumadzuka 3 koloko.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ine ndimaona kuti ambiri obwera kumene sapamvetsa. Chifunga pachokha sichimiza boti. Choopsa ndi chifunga chikakumana ndi madzi othamanga komanso anthu otopa, onyowa, ozizidwa. Kummwera kwa Sumburgh Head, pansonga ya Shetland, kuli malo otchedwa Sumburgh Roost, pomwe madzi othamanga akalimbana ndi mphepo amautsa mafunde osweka otha kugoneka boti laling'ono. Kukakhala kowala mumawaona mafunde oyerawo muli patali n'kuwalambalala. M'chifunga mumangozindikira muli kale m'kati. Ku Bluemull Sound ndi Yell Sound, mipata ya pakati pa zilumba za Shetland, madzi amathamanga mofanana kapena kuposa liwiro la boti lanu, ndipo ku Yell Sound kumadutsanso sitima zikuluzikulu za mafuta zopita ku Sullom Voe. Ku Pentland Firth, pakati pa Orkney ndi mtunda wa Scotland, madzi amapitirira ma knot 10. Malo oterewa amawolokedwa pa nthawi yomwe madzi adekha asanatembenuke, ndipo nthawiyo ikakumana ndi chifunga cholimba, chanzeru ndi kukhala pomwe muli. Kukhala padoko si kulephera ulendo. Wokonza ulendo wa masabata anayi kumeneko aikiretu sabata yathunthu yongodikira.

Komabe chifunga chimakupezani muli kale panjira, ndipo ntchito yoyamba ndi ya mphindi zisanu zokha. Lembani pamapu a pepala pomwe muli, nthawi, mbali yomwe mukulowera pa kampasi, ndi kuya kwa madzi. Yatsani nyale zoyendera ngakhale ndi masana. Yatsani rada, chida choonetsa sitima ndi magombe ngakhale m'chifunga. Aliyense avale jekete yoyandamitsa ya mphamvu ya 150N, lamba wake wa pakati pa miyendo atamangidwa, chifukwa popanda lambayo jekete imakwera kumutu munthu akagwera m'madzi. Dzutsani amene wagona. Injini ilire, kapena ikhale yokonzeka kulira kamodzi kokha. Thanga lalikulu lisiyeni m'mwamba ngakhale mukuyenda ndi injini, chifukwa limachepetsa kupendekeka uku ndi uku ndipo limaoneka msanga kuposa thupi la boti.

Za kugwera m'madzi zisatengedwe mopepuka. M'madzi a madigiri 11 mphindi yoyamba munthu amabanika n'kumapuma mosadziletsa, ndipo ambiri amamwa madzi pa nthawi imeneyi. Pakatha mphindi pafupifupi 10 zala zimaleka kugwira, moti sangadzikokere yekha pa chingwe. M'chifunga chomwe mukuona mamita 100 okha, boti loyenda ma knot 5 limamutaya m'maso pasanathe mphindi imodzi. N'chifukwa chake munthu aliyense wotuluka kunja amadzikoleka ndi chingwe chachifupi ku malamba oyalidwa kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo kwa boti, ndipo m'jekete muikidwe kachipangizo kotumiza chizindikiro cha AIS (njira ya pa wailesi yomwe sitima zimadziwitsirana pomwe zili) kamene kamayamba kokha jekete ikafufuma.

Malamulo a padziko lonse opewera kugundana panyanja, omwe anagwirizanidwa mu 1972, amanena momveka za kulira kwa hutala. Boti loyenda ndi matanga limaliza hutala kamodzi motalika, masekondi 4 mpaka 6, kenako kawiri mwachidule, sekondi imodzi imodzi, ndipo limabwereza pasanathe mphindi ziwiri. Mukangoyatsa injini n'kulowetsa giya, lamulo limakuonani ngati sitima ya injini ngakhale matanga ali m'mwamba, ndiye mumaliza hutala kamodzi kokha motalika, n'kumabwereza mphindi ziwiri zilizonse. Hutala wa chitini cha mpweya amatha msanga, ndipo kukazizira amafooka mawu. Ulendo wa maola asanu ndi kuliza maulendo 150, chitini chimodzi sichingafike. Khalani ndi hutala wamagetsi wolumikizidwa ku wailesi ya VHF yomwe imatha kuliza yokha, kuwonjezera wina wopopa ndi manja kapena wouzira pakamwa. Musayembekezere kumva malipenga a pa nsanja za nyale: bungwe la Northern Lighthouse Board linasiya kuwaliza ku Scotland mu 2005, ndipo la ku Sumburgh Head, lomwe linakonzedwanso, limalizidwa pa zochitika zapadera zokha.

Lamulo lina lomwe amatanga ambiri amaliiwala n'lakuti mwayi wopatsidwa njira ndi sitima za injini umagwira ntchito pokhapokha maboti akuonana ndi maso. M'chifunga palibe woyenera kupatsidwa njira, aliyense ayenera kupewa mnzake. Mukaona sitima pa rada yokha ili chakutsogolo kwanu, pewani kukhotera kumanzere. Ikakhala pambali penipeni kapena chakumbuyo, pewani kukhotera komwe ili. Ndipo mukakhota, khotani kwambiri, madigiri 40 kapena 60, kuti woyang'ana rada m'sitimayo aone kuti mwasintha. Kukhota pang'onopang'ono madigiri asanu asanu sikuoneka pa rada ya mnzanu, ndipo iye amapitiriza kuwerengera ngati mukadali panjira yakale. Sitima yoyenda ma knot 15 imadya mamita pafupifupi 460 pa mphindi. Ngati mukuona mamita 200 okha, kuchokera pomwe mwaiona mpaka kukufikani sipadutsa masekondi 30. Zonse ziyenera kuchitika isanaoneke.

Rada ndi chida chabwino kwa amene anaiphunzira kunja kuli kowala. Mu 2003, m'chifunga cha mu English Channel, boti la matanga lotchedwa Wahkuna linagundidwa ndi sitima yonyamula makontena ya P&O Nedlloyd Vespucci yomwe inkathamanga ma knot 25. Onse awiri anali ndi rada ndipo ankaonana pa radayo. Ofufuza ngozi za panyanja a ku Britain anapeza kuti mbali zonse ziwiri sizinamasulire bwino zomwe zinkaoneka, ndipo a m'boti la matanga sankadziwa kugwiritsa ntchito rada yawo mokwanira. Boti linamira, anthu asanu anapulumuka atakhala maola oposa asanu m'kabwato kofufuma. Njira yoyenera si yovuta. Ikani mzere woyezera mbali pa kadontho ka sitimayo, dikirani mphindi zitatu, yang'ananinso. Kadontho kakamatsetsereka pa mzere womwewo kulowera pakati, mukupita kokagundana. Sinthasinthani mtunda woonera, mamayilo 6 pofufuza sitima zazikulu, mamayilo 1.5 pofufuza tating'ono. Batani lochotsa zithunzi za mafunde musalikweze kwambiri, chifukwa pamodzi ndi mafundewo limafufutanso timaboti ta asodzi. Ndipo dziwani kuti boti lanu la fibreglass silioneka bwino pa rada ya ena. Chobwezera rada chopachika pa mlongoti chimathandizako, koma chamagetsi, chomwe chimalandira chizindikiro n'kuchibweza mwamphamvu, ndicho chodalirika.

AIS imakuuzani dzina la sitima, liwiro lake, ndi mtunda womwe mudzadutsanirane, moti mutha kuiitana pa wailesi ndi dzina. Zombo za NorthLink zochokera ku Aberdeen kupita ku Lerwick, kapena Norröna yopita ku Tórshavn, likulu la Faroe, mudzaziona bwinobwino. Koma timaboti totchera nkhanu tambiri tilibe chipangizochi, miyala ilibe, ndipo zoyandama za miono zilibe. Zoyandamazi ndi mdani wa tsiku ndi tsiku. Asodzi amatchera miono ya nkhanu pafupi ndi magombe ndi pakhomo pa madoko, chingwe chake chimayandama pansi pang'ono pa madzi, ndipo madzi akathamanga choyandamacho chimamira n'kungosiya kamzere. Chingwe chikakulunga pulopela injini imazima pomwepo, nthawi zambiri pamalo oipitsitsa. Mukachiona mochedwa, chotsani giya msanga kuti pulopela ileke kuzungulira, boti lidutse ndi liwiro lomwe linali nalo. Chodulira zingwe chomangidwa pa shafiti chimapulumutsa nthawi zambiri, koma mpeni wamano womangirira kunsonga kwa ndodo yaitali ukhalenso pafupi. M'magombe ambiri a Shetland ndi Faroe muli makola a nsomba za salmon ndi zingwe zoweterapo nkhono, ndipo amasunthidwa kawirikawiri kuposa momwe mapu amasinthidwira.

Mabuku ambiri ophunzitsa amalangiza kuti chifunga chikagwa muthawire m'madzi osaya, motsata mzere wa pamapu wosonyeza kuya kwa mamita 10, komwe sitima zazikulu sizifika. Malangizowa ndi abwino m'magombe amchenga. Kuno ndi oopsa, chifukwa pansi pa nyanja pamatsika mwadzidzidzi. Makina amatha kuonetsa mamita 40 pomwe thanthwe lili pa mtunda wa maboti atatu okha. Choncho makutu ndi mphuno zimagwira ntchito. Mmodzi amakhala kunja chipewa cha jekete atachivula kumakutu, wina amakhala pa rada, ndipo amasinthana mphindi 30 kapena ola lililonse, chifukwa kuyang'ana choyera chokhachokha kumatopetsa maso mpaka munthu amayamba kuona zinthu zomwe kulibe. Mphindi 10 zilizonse tsitsani injini, mvetserani. Mafunde omenya thanthwe amamveka, kulira kwa hutala wanu kumabwerera kuchokera kuphompho, ndipo pafupi ndi chilumba cha Noss, pomwe mbalame za gannet zikwizikwi zimaikira mazira, fungo la zitosi limafika musanaone mwala. Koma mawu m'chifunga amanyenga komwe akuchokera, ndiye atengeni ngati chenjezo, osati ngati njira.

Tsopano za m'kati mwa boti, zomwe zimadya nthawi yambiri kuposa kuyenda kumene. Thupi la boti limakhudza madzi ozizira, m'kati muli anthu opuma ndi mapoto owira, ndiye makoma amachita thukuta. Anthu awiri ogona usiku umodzi amatulutsa madzi oposa theka la lita popuma ndi pakhungu. Kilogalamu imodzi ya gasi wa propane ikayaka imatulutsa madzi okwana makilogalamu 1.6, osawerengera nthunzi ya m'poto. Madzi onsewa amatsikira pamalo ozizira: mafelemu a aluminiyamu a mawindo, kuseri kwa makabati, ndi pansi pa matiresi. Pakatha sabata osasamala, matiresi amanunkha, chuku chimamera m'makona, mabuku amafufuma, ndipo mawaya amagetsi amayamba kubiriwira polumikizira.

Mankhwala ake ndi kutentha kouma pamodzi ndi mpweya woyenda, zonse ziwiri. Kutseka zonse kuti mufunde ndi kumene kumanyowetsa. Siyani chitseko cha padenga chakutsogolo chotsegula mpata wa chala, china kumbuyo chimodzimodzi, kuti mpweya uzidutsa. M'mawa uliwonse dzutsani matiresi aime chammbali kwa ola limodzi, ndipo pansi pake yalani ukonde wokhuthala wa pulasitiki wolola mpweya kudutsa. Pukutani mawindo ndi nsalu, nsaluyo mukafinyire kunja. Pa mawindo mutha kumata pulasitiki woonekera kuti pakhale mpweya pakati, ndipo m'makabati okhudza khoma matani thovu losamwa madzi la mamilimita 10. Zovala za m'kabati zikhale m'matumba otseka. Mukapeza magetsi a padoko, makina oyamwa chinyezi a mtundu wa desiccant ndi amene amagwira bwino kozizira, a kompresa amafooka.

Mdani wina ndi mchere. Chovala chomwe chanyowa ndi madzi a m'nyanja sichiuma kwenikweni, chifukwa mchere umakoka chinyezi mumpweya. Zovala zosalowa madzi ndi majombo zimavulidwa pamakwerero olowera, n'kupachikidwa m'kachipinda ka bafa komwe kuli paipi ya hita, osafika nazo pogona. Mukapeza mpopi padoko, zitsukeni ndi madzi opanda mchere. Pakhungu valani za ubweya wa nkhosa kapena za nsalu zopangidwa m'fakitale zouma msanga. Za thonje zisiyeni, zikanyowa zimazizira ndipo zimatenga masiku. Magolovesi a mphira a asodzi, okhala ndi ubweya m'kati, amaposa ambiri odula a m'masitolo a maboti. Khalani ndi mapeya atatu, ndiponso chovala chimodzi chathunthu chouma chomwe sichituluka kunja zivute zitani, chogonera chokha.

Mahita otchuka ndi a dizilo opemerera mpweya wotentha, monga a Eberspächer ndi Webasto. Wa mphamvu ya 2 kW amamwa dizilo wa pakati pa malita 0.1 ndi 0.3 pa ola. Ubwino wake ndi woti utsi ndi chinyezi cha moto zimatulukira kunja. Akakana kuyaka, kawirikawiri vuto si hita koma magetsi. Poyamba amakoka ma amp 8 mpaka 10 kwa mphindi zingapo kuti atenthetse choyatsira, ndipo batire likakhala lofooka, kapena waya ndi woonda kapena wadzimbiri, mphamvu imatsika n'kudzizimitsa yekha. Vuto lachiwiri ndi mwaye, womwe umadzaza akamayatsidwa motsitsa masiku ambiri. Mukwezeni mpaka pamapeto kwa ola limodzi masiku angapo alionse, ndipo musamuzimitse podula magetsi, msiyeni amalize kudziziziritsa. Ena amakonda mbaula ya dizilo ya ku Denmark yotchedwa Refleks, yomwe siifuna magetsi konse, ngakhale mphepo yotsika m'mapiri imatha kubwezera utsi m'chumuni. Mulimonsemo, alamu ya mpweya wakupha wa carbon monoxide ikhalepo ndipo iziyesedwa. Mpweyawu sununkha, ndipo zizindikiro zake, mutu ndi nseru, zimafanana ndi kudwala kwa mafunde. Sitovu ya gasi isagwiritsidwe ntchito ngati hita.

Magetsi amawerengedwa ngati ndalama. Pa tsiku la chifunga, chiwongolero chodziyendetsa chokha chimadya ma amp pafupifupi 3, mapu a pakompyuta ndi zoyezera 2, rada 2 kapena 3, wailesi ndi AIS 1, nyale 1, hita 1 kapena 2, firiji 1 kapena 2. Zonse pamodzi ndi ma amp 11 mpaka 14, ndipo pa maola 10 mwadya ma amp-hour oposa 100. Mabatire a mtovu a ma amp-hour 400 amalola kugwiritsa ntchito theka lokha ngati mukufuna akhalitse. Masola m'chifunga amapereka pang'ono zedi. Alternator (makina a pa injini odzazira mabatire) yolembedwa ma amp 70 imapereka mwina theka la pamenepo ikatentha ndiponso mabatire akayamba kudzaza. Mwayi wake, masiku a chifunga nthawi zambiri mphepo imakhala yochepa, injini imalira, ndipo imamwa malita 2 kapena 3 pa ola. Koma batire loyatsira injini likhale lapadera, losakhudzidwa ndi hita kapena firiji. Firijiyo mutha kuizimitsa kumene: batala, tchizi ndi ndiwo zamasamba zimasungika bwino pansi pa matabwa oponda, pafupi ndi khoma lozizira.

Injini imayang'anidwa m'mawa uliwonse musanamasule zingwe: oilo, madzi oziziritsa, lamba wa alternator, ndi sefa ya madzi a m'nyanja, yomwe kuno imatsekeka ndi zomera za m'madzi. Ikangolira, suzumirani kumbuyo muone ngati madzi akutuluka pamodzi ndi utsi. Ngati sakutuluka, zimitsani msanga, apo ayi kampira ka m'pampu kamapsa m'mphindi zochepa. Tanki ya dizilo yosadzaza imachitanso thukuta m'kati, madziwo amatsikira pansi, tizilombo timamera pomwe madzi akumana ndi dizilo, ndipo mafunde akavundula zinyalalazo sefa imatsekeka. Tanki izikhala yodzaza, masefa osinthira atatu akhale pafupi, ndipo aliyense m'boti adziwe kusintha sefa ndi kuchotsa mpweya m'mapaipi.

Chakudya chimakonzedwa musananyamuke. Phala la oats m'mawa, supu wotentha ndi tiyi m'mafulasiki, buledi wopakidwa kale, kuti wina asakhale pasitovu pa nthawi yomwe maso ake akufunika kunja. Poto wa pressure ndi wofunika kwambiri chifukwa amasunga gasi, satayikira boti likapendekeka, ndipo satulutsa nthunzi yambiri. Gasi akhale wa propane, poti butane amaleka kusanduka mpweya kuzizira kukayandikira digiri 0 ndipo amafooka kale asanafike pamenepo. Milomo ya masilinda a ku Britain ndi ya ku Faroe siifanana, choncho nyamulani wokwanira ulendo wonse. Tsekani pa silinda mukatha kuphika, chifukwa gasi ndi wolemera kuposa mpweya ndipo akadontha amakasonkhana pansi penipeni pa boti. Madzi akumwa werengerani malita 5 mpaka 10 pa munthu pa tsiku. Nsomba za mackerel zimakodwa mosavuta ndi mbedza za nthenga m'miyezi imeneyi. M'zilumba zazing'ono sitolo imatsegulidwa maola ochepa ndipo katundu amadalira chombo, ndiye si ulemu kukagula buledi yense n'kusiya eni mudzi opanda kanthu.

Kuponya nangula kuli ndi vuto lake, lomwe ndi kelp, zomera zazitali zoterera zomera pamiyala. Nangula amagwira masamba, mumayesa wagwira pansi, mphepo ikakula usiku amazuka ndi mtolo wonse. Funani pamalo pooneka poyera m'madzi, pamenepo ndi pamchenga. Boti la mamita 11 limafuna nangula wa makilogalamu 15 mpaka 20 ndi tcheni cha mamita 50 kapena 60. Tulutsani tcheni chotalika kasanu kuya kwa madzi akadzadzaza, kenako bwezani boti kumbuyo ndi injini pang'onopang'ono, n'kukweza mphamvu kwa mphindi ziwiri. Gwirani tcheni ndi dzanja: chikamanjenjemera ndi kudumpha, nangula akukhwekhwereka. Mutulutseni, muchotse zomerazo, muyambirenso, ngakhale kachitatu. Mangani chingwe cha nayiloni cha mamita 10 pa tcheni kuti chizimwa kugwedeza, yatsani alamu ya GPS yolira boti likasuntha, ndipo nyale ya pamlongoti iyake.

Popita kumtunda ndi kabwato kakang'ono, werengani pa kampasi mbali yochokera pagombe kupita ku boti lanu musanachoke, ngakhale kunja kuli kowala, chifukwa pobwerera mutha kupeza zonse zakutidwa. Nyamulani kampasi ya m'manja, wailesi ya m'manja, tochi, nkhafi, ndi kanangula. Kumtundako kuli zoyenera kuvutikira: nsanja yamiyala ya pachilumba cha Mousa, yotalika mamita 13 ndipo yaima zaka zoposa 2,000, kapena mbalame za puffin za ku Fair Isle ndi Hermaness. Ku Fair Isle doko ndi North Haven, lopapatiza polowera, ndipo mphepo ikachokera kumpoto chakummawa mafunde amalowa m'kati. Malo a chombo cha pachilumbapo asatsekedwe. Ku Lerwick itanani a doko pa tchanelo 12 musanalowe, ndipo ku Lerwick Boating Club alendo amapeza bafa ndi makina ochapira, komwe tsiku lodikira limathera kuchapa ndi kuumitsa zofunda.

Kuwoloka kupita ku Faroe ndi mamayilo a panyanja pakati pa 180 ndi 200 kuchokera ku Scalloway kukafika ku Tvøroyri pa chilumba cha Suðuroy, tsiku limodzi ndi theka kapena kupitirirako. Anthu awiri amasinthana maola atatu atatu, koma chifunga chikagwa onse amafunika kunja, ndiye gonani mokwanira kukadali kowala. Chovuta ndi kufika. Ku Tórshavn madzi sakwera kapena kuphwa kwenikweni, ndipo zimenezi zimapusitsa alendo, chifukwa m'mipata ya pakati pa zilumba madzi amathamanga koopsa, maola asanu ndi limodzi kulowera kumadzulo, ena asanu ndi limodzi kummawa, ndipo pansonga za zilumba amawira. Werengerani kuti mufike pakhomo madzi akudekha. Mukafulumira, chepetsani matanga mudikire kutali ndi mtunda, mamayilo 15 kapena 20, m'malo moyandikira maphompho omwe simukuwaona.

M'madoko ambiri a ku Faroe mumamangirira pa khoma la asodzi lopachikidwa matayala akuluakulu. Zotchinga zofewa za boti zimalowa m'mabowo a matayalawo n'kusiya khoma likukhula boti, choncho pachikani thabwa la mamita awiri kunja kwa zotchinga ziwiri kapena zitatu kuti ndilo lizikhudza matayala. Mphepo yotsika m'mapiri imafika mwadzidzidzi, yamphamvu kuposa ya kunyanja, ndiye zingwe zikhale ziwiriziwiri kutsogolo ndi kumbuyo, zina ziwiri zopingasa zoletsa boti kusuntha chamtsogolo ndi chammbuyo, ndipo pomwe chingwe chikukhudza konkire chivekeni paipi ya pulasitiki. Funsani woyang'anira doko kapena asodzi ngati malowo ali ndi mwini amene abwere usiku, ndipo siyani nambala ya foni yanu pawindo musanapite kumtunda.